Rod Serling: mlembi amene adabisa choonadi m'nthano

Mu 1955 azungu awiri adapha mnyamata wakuda wa zaka 14, Emmett Till, m'chigawo cha Mississippi ku America, koma bwalo la milandu lidawapeza osalakwa. Nkhaniyi idamudya moyo Rod Serling, mlembi wa masewero a pa wailesi yakanema amene chaka chomwecho adatchuka ndi sewero la Patterns.

Serling adabadwa pa 25 Disembala 1924 ku Syracuse ndipo adakulira ku Binghamton, m'chigawo cha New York. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adamenya nawo ku Philippines ngati msilikali wodumpha m'ndege, ndipo adabwerako wovulala.

Masiku amenewo mphamvu zidali ndi makampani otsatsa malonda, chifukwa ndiwo ankalipira mapulogalamu. Serling atalemba Noon on Doomsday mu 1956, potsata imfa ya Till, makampaniwo adaopa kukwiyitsa ogula a kummwera kwa dzikolo. Nkhani idasamutsidwira ku New England, wophedwayo sadakhalenso wakuda, ndipo sewerolo lidatha mano. Adayesanso mu 1958, koma ulendo uno nkhani idakankhidwira m'zaka za m'ma 1800.

Apa adazindikira kuti mawu oletsedwa pakamwa pa munthu wandale akhoza kuloledwa pakamwa pa cholengedwa cha kuthambo. Motero mu 1959 adayambitsa The Twilight Zone pa kanema wa CBS, akulemba, kuyang'anira ntchito yonse ndiponso kuonekera yekha pofotokoza nkhanizo. Mwa zigawo 156 zimene zidaulutsidwa kufika mu 1964, iye adalemba 92, ntchito yoti ikadagwetsa alembi atatu. Pa chigawo china cha mu 1960, magetsi angozima mumsewu wina, anansi akuyamba kulozana zala mpaka kuphana, pamene alendo a kuthambo akungoonerera ali paphiri. Aliyense wokumbukira mmene anthu ankasakidwira powaganizira chikomyunizimu adadziwa kumene nthanoyo inkaloza.

Ngakhale adapata mphotho za Emmy zisanu ndi imodzi, pa malonda sadaone patali: adagulitsa gawo lake la pulogalamuyo ku CBS, imene yakhala ikudyerera poiulutsa mobwereza.

Adalemba nawo filimu ya Planet of the Apes ya mu 1968 ndipo adaphunzitsa pa Ithaca College. Fodya, amene sankachoka m'manja mwake, adamufooketsa mtima. Adamwalira pa 28 Juni 1975 ku Rochester atachitidwa opaleshoni, ali ndi zaka 50.