Mbiri ya Mayi Josina Machel, mwini tsiku la 7 Epulo

Ndati ndilembeko mbiri ya mayi mmodzi amene dzina lawo timalitchula chaka chilichonse pa Sete de Abril, tsiku limene amayi athu amavala kapulana yofanana n'kupita kukavina ku bwalo la boma. Ana asukulu amaimba, akuluakulu amayala maluwa, kenako tonse timabwerera kukakolola. Koma mutafunsa achinyamata kuti Mayi Josina anali ndani, ambiri angoyankha kuti anali mkazi wa a Samora Machel, basi. Inetu yankho limeneli silindikwanira, chifukwa pa zaka 25 zimene anakhala ndi moyo, za ukwati sizinakwane n'ziwiri zomwe.

Dzina lawo lobadwa nalo linali Josina Abiathar Muthemba. Anabadwa pa 10 Ogasiti 1945 ku Vilanculos, m'chigawo cha Inhambane, ndipo anabadwa mapasa ndi mlongo wawo. Bambo awo anali namwino m'zipatala za boma la Apwitikizi, ntchito yosamutsidwasamutsidwa. N'chifukwa chake mwana wobadwira kum'mwera anakayambira sukulu kumpoto kwenikweni, ku Mocímboa da Praia ku Cabo Delgado, kenako n'kudzapitiriza ku João Belo, kumene lero timati Xai-Xai. Agogo awo aamuna anali mlaliki wa mpingo wa Presbyterian, munthu wosagwirizana ndi ulamuliro wa atsamunda, ndipo abale angapo a pabanjapo analawa ndende chifukwa cha maganizo omwewo. Ndiye kuti nkhani za ufulu sanakazimvere kutali, anakula nazo pakhomo.

Atamaliza pulayimale anapita ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, kukakhala ndi agogo awo aakazi kuti apitirize sukulu ya zamalonda. Tikumbukire kuti masiku amenewo mwana wachikuda, makamaka mtsikana, kufika ku sekondale chinali chinthu chosowa kwambiri. Ana ambiri ankangothera pa sukulu ya mishoni, kuphunzira katekisimu ndi kulima munda wa aphunzitsi. Iwo anali ndi mwayi umene ena ankangoulota. Akanafuna akanamaliza, n'kupeza ntchito ya mu ofesi, n'kukhala chete. Koma analowa gulu la ophunzira achikuda lotchedwa NESAM, limene a Eduardo Mondlane anayambitsa mu 1949, ndipo m'gulu limeneli achinyamata ankakambirana mobisa za dziko lawo apolisi a PIDE akuwalondalonda.

FRELIMO inakhazikitsidwa ku Dar es Salaam mu 1962. Mu Malichi 1964, ali ndi zaka 18, Mayi Josina anathawa pamodzi ndi anzawo kuti akalowe gululi. Mmodzi mwa anzawowo anali a Armando Guebuza, amene anadzakhala pulezidenti kuyambira 2005 mpaka 2015. Anayenda mpaka ku Victoria Falls, pamtsinje wa Zambezi womwewu umene umadutsa m'chigawo chathu cha Tete. Kumeneko apolisi a Rhodesia anawagwira n'kuwabweza m'manja mwa Apwitikizi, ndipo anatsekeredwa m'ndende ku Lourenço Marques kwa miyezi ingapo. Anatuluka chakumapeto kwa nthawi ya chisanu, akukwanitsa zaka 19.

Pamenepa mpamene ine ndimaima n'kuganiza. Munthu amene walawa ndende ya PIDE, n'kutuluka wamoyo, makolo ake akumuchonderera ndi maso, kawirikawiri amati zakwana. Palibe akanawanena. Koma patangopita miyezi yochepa iwo ananyamukanso, ulendo uno kudzera ku Swaziland, dziko limene pano likutchedwa Eswatini. Kuchoka kumeneko anadutsa mu South Africa wa tsankho uja, n'kufika ku Bechuanaland, Botswana wa lero, kumene Angerezi anawasunganso pofuna kuwabweza. A Mondlane anachita kudandaula kumayiko akunja kuti gululo limasulidwe. Motero anadutsira ku Zambia, kwa anansi athu a kuseri kwa Cassacatiza, n'kufika ku Tanzania mu 1965. Nkhondo inali itayamba kale pa 25 Seputembala 1964 ku Chai.

Ku Dar es Salaam anayamba kugwira ntchito ku Instituto Moçambicano, sukulu ya ana othawa kwawo, monga wothandiza Mayi Janet Mondlane. Kenako anapatsidwa mwayi wina waukulu, woti akaphunzire ku Switzerland molipiriridwa. Anakana. Anasankha kulowa Destacamento Feminino, gulu la asilikali aakazi limene linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo anakaphunzira za nkhondo ku kampu ya Nachingwea, kumene mkulu wa maphunziro anali a Samora Machel. Ena amanena ngati kuti Mayi Josina okha ndiwo anayambitsa gulu limeneli. Ayi, munali atsikana ambiri a kumudzi, makamaka a ku Cabo Delgado ndi Niassa, ena osadziwa n'kulemba dzina lawo lomwe, amene ankasenza zida pamutu, kulima minda yodyetsa asilikali ndi kulimbikitsa anthu m'midzi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti iwo, wophunzira wa m'tauni, anapita kukagona pansi limodzi ndi atsikana amenewa pomwe ndege ya ku Ulaya inali kuwadikira.

Si amuna onse a mu FRELIMO amene ankasangalala kuona mkazi atanyamula mfuti. Akuluakulu ena ankati zimenezi zikuphwanya mwambo ndipo malo a mkazi ndi pamoto. Nkhaniyi inafika ku msonkhano waukulu wachiwiri wa gululi, umene unachitikira ku Matchedje, ku Niassa, mu Julaye 1968. Mayi Josina anali mmodzi wa nthumwi, ndipo analankhula mokomera kuti akazi akhale nawo pa mbali zonse za nkhondoyo. Msonkhano unavomereza. Chaka chomwecho cha 1968 ndi pamene nkhondo inatsegulidwanso kuno ku Tete, asilikali a ufulu akulowera ku malire a Zambia, ndipo agogo athu a m'madera ano amakumbukira za kusenza katundu usiku m'tchire. Zimene zinagamulidwa ku Matchedje zinafika mpaka pamitu pa amayi a kwathu kuno.

Chaka cha 1968 chinawabweretseranso maliro. Mbale wa bambo awo, a Mateus Sansão Muthemba, anaphedwa ku Dar es Salaam. Pa 3 Febuluwale 1969 a Mondlane anaphedwanso ndi bomba lobisidwa m'buku, ndipo Mayi Josina anakakhala ndi Mayi Janet kuwatonthoza, monga mmene amachitira mwana wamkazi pakhomo pogwa zovuta. M'chaka chomwecho anaikidwa kukhala mkulu woona za chisamaliro cha anthu m'gululi, ali ndi zaka 24 zokha.

Ntchito imeneyi ndi imene inawapatsa dzina loti mayi, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Nkhondo imasiya ana. Bambo wafa kunkhondo, mayi waphedwa ndi bomba la ndege ali kumunda, kapena mudzi wabalalika usiku, mwana wathawira kwina makolo kwina. Mwa mwambo wathu mwana wamasiye amatengedwa ndi amalume kapena agogo, koma nanga pamene mudzi wonse wapsa, amalumewo nawonso ali m'thengo? Mayi Josina analimbikira kuti kukhale malo olerera ana oterewa m'madera omasulidwa a kumpoto ndiponso ku Tunduru, ku Tanzania. Ankafuna kuti anawo asangopatsidwa phala lokha, koma aphunzirenso kuwerenga, alandire mankhwala, ndiponso kuti atsikana alowe m'kalasi mofanana ndi anyamata. Kuti aone mmene zinthu zikuyendera sankadalira malipoti, ankapita okha, wapansi, masiku ambiri, kuwoloka mitsinje, ndege za adani zili m'mwamba.

Ife a ku Chifunde nkhani imeneyi sitifunika kuchita kuifotokozeredwa kawiri. Pa nkhondo yachiwiri ija, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a kuno anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena n'kukakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Ambiri a msinkhu wanga anabadwira kumeneko kapena anabwerako ali kumsana. M'midzi mwathu muli anthu amene analeredwa ndi mayi wosawabala, amene anangowatola panjira n'kuwawonjezera pa ana ake, ufa uli wochepa kale. Mayi wotere sitimufunsa kuti anabala angati. Ndi mmenenso ndimawaonera Mayi Josina.

Ukwati wawo ndi a Samora unachitika ku Tunduru mu Meyi 1969, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anabala mwana wamwamuna, Samora wamng'ono, amene ankamutcha Samito. Chisangalalo sichinakhalitse. Mu 1970 anayamba kumva kupweteka m'mimba ndi kufooka. Anapita ku Moscow kukapimidwa, ndipo inapezeka kuti ndi khansa. Madokotala anawalangiza kuti apume ndi kusamala zakudya. Iwo anabwerera kuntchito. Kumapeto kwa 1970 anasiya mwana wa chaka chimodzi m'manja mwa ena ku Tanzania n'kulowa m'Niassa kwa miyezi iwiri, nyengo ya mvula, kukayendera malo olerera ana ndi kulimbikitsa amayi. Mu Malichi 1971 ananyamukanso kupita ku Cabo Delgado.

Pano ndikudziwa kuti m'kalabu mwathu sitingagwirizane tonse, ndipo nkhaniyi ndi yoyenera kuikambirana pa wailesi. Wina anena kuti mayi wodwala, wa mwana woyamwa, anayenera kukhala pansi n'kulera wake, chifukwa ana a ena akanapeza wina wowayendera koma Samito analibe mayi wachiwiri. Mawu amenewa ali ndi nzeru, sindikuwanyoza. Mwanayo anakula osadziwa nkhope ya mayi ake kupatula pa chithunzi, ndipo umenewo ndi mtengo weniweni umene iye analipira popanda kufunsidwa. Koma ine ndikayang'ana, ndimaona munthu amene anadziwa kuti masiku ake ndi owerengeka, n'kusankha kuti awagwiritse pa ntchito imene anali atayamba. Komanso ndimadzifunsa: a Samora nawonso ankasiya mwana yemweyo n'kulowa m'tchire miyezi, nanga bwanji iwo sitiwafunsa funso limeneli? Paja kwathu kuno bambo akapita ku Tete kapena ku Joni zaka ziwiri timati akusakira banja, koma mayi akagona masiku atatu ku semina timayamba kunong'onezana.

Ulendo wa ku Cabo Delgado ndiwo unali womaliza. Analankhula pa msonkhano wa anthu ambiri, koma thupi linali litatheratu, moti pobwerera powoloka malire anachita kupereka mfuti yawo kwa mnzawo chifukwa mphamvu zoinyamulira panalibe. Atafika ku Dar es Salaam anagonekedwa m'chipatala cha Muhimbili, ndipo anamwalira pa 7 Epulo 1971. Anaikidwa m'manda a Kinondoni, kumene kunagonanso a Mateus Muthemba. Samito anali asanakwanitse chaka ndi theka. Ufulu umene anaufera unabwera patapita zaka zinayi, pa 25 Juni 1975, iwo osauona. Akanakhala ndi moyo, mu 2025 akanakwanitsa zaka 80, gogo wa imvi wokhala pamkeka n'kumafotokozera adzukulu za ku Nachingwea. Ugogo umenewo sanaulawe.

Chaka chotsatira imfa yawo, FRELIMO inagamula kuti 7 Epulo likhale tsiku la amayi a ku Mozambique, ndipo mu 1973 kunakhazikitsidwa OMM, bungwe limene amayi athu ambiri akhalamo. Mu 1979 mafupa awo anatengedwa ku Tanzania n'kukaikidwa pa Praça dos Heróis ku Maputo, pamodzi ndi a Mondlane ndi ngwazi zina. Sukulu yaikulu ya sekondale ya ku Maputo imene Apwitikizi ankaitcha Liceu Salazar inasinthidwa dzina kukhala Josina Machel. Ku Luanda, ku Angola, kuli chipatala chachikulu cha dzina lawo. Amene mumapita mumzinda wa Tete kukagula mbewu kapena kukaona odwala mukudziwa kuti kuli bairro ya Josina Machel, komanso ina ya Mateus Sansão Muthemba, anthu a banja limodzi. A Samora atakwatira Mayi Graça mu 1975, mwana wawo wamkazi anamutcha Josina.

Chimene ankalimbikira chokhudza atsikana sichinathe. Dziko lathu linachita kukhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo chilango chake chimagwera ngakhale makolo ndi ankhoswe. Lamulo lotere silikanafunika zinthu zikanakhala bwino. Tonse tikudziwa kuti nyengo yogulitsa fodya ikafika, ndalama zikalowa m'matumba, atsikana ena a giredi 6 ndi 7 sabwereranso m'kalasi. Mayi Josina pa msinkhu umenewo anali kwa agogo awo ku Lourenço Marques ndi makope m'manja, ndipo agogowo anawasunga kuti aphunzire.

Pempho langa kwa atsogoleri a kalabu ndi kwa aulutsi athu ndi ili. M'midzi ya m'malire muno mukadali agogo aakazi ochepa amene anasenza katundu wa asilikali kapena kuwaphikira pakati pa 1968 ndi 1974, ndi ena ambiri amene analera ana a eni pothawa nkhondo yachiwiri. Akukalamba, ndipo chaka chilichonse tikuika mmodzi kapena awiri. Epulo asanafike, gulu lililonse la omvera lipeze agogo mmodzi wotere, timubwereke chojambulira mawu, kuti pa pulogalamu ya tsikulo alankhule okha m'chinenero chathu. Ine ndi gulu lathu tili ndi njinga ziwiri, tikhoza kuyenda ndi mulutsi aliyense amene angabwere Loweruka.