Robert Salter, dokotala amene dzina lake ndidalipeza pa chikalata cha mwana wanga

M'nyengo yozizira yapitayi mwana wanga wamkazi wa zaka khumi adaterereka pa ayisi kunja kwa nyumba yomwe timachita lendi kuno ku Scarborough. Pogwa adatsamira dzanja, ndipo pofika madzulo pamfundo ya dzanjalo padali patatupa. Ine, Mmalawi wa ku Ntcheu, ndidangoti wabinya basi, timuthowe ndi madzi otentha, mawa adzuka bwino. Mayi ake adakanitsitsa. Tidapita kuchipatala, adamujambula X-ray, ndipo adokotala atationetsa chithunzicho pa kompyuta ndidaona mzere wakuda wodula fupa pafupi ndi dzanja. Mtima udagunda, ndikuti eee fupa laduka pawiri. Adokotala adamwetulira nkundiuza kuti mzere umenewo mwana aliyense ali nawo, ndi malo amene fupa limakulira. Chovulala chenicheni chidali kachidutswa kakang'ono pambali pake, komwe ine sindidakaone nkomwe. Pa chikalata adalembapo mawu akuti Salter-Harris II, mwana adamuika chikhakha, tidabwerera kunyumba.

Ndimaganiza kuti Salter-Harris ndi dzina la matenda. Eti ndi maina a anthu awiri, onse a mumzinda uno wa Toronto.

A Robert Bruce Salter adabadwa pa 15 December 1924 ku Stratford, tauni ya m'chigawo chino cha Ontario. Adamaliza maphunziro a udokotala pa University of Toronto mu 1947. M'malo mothamangira ntchito yamtauni, adapita kukagwira zaka ziwiri ku mishoni ya Grenfell, kumpoto kwa Newfoundland, dera la asodzi osauka komwe dokotala amayenera kuchita chilichonse ndi zida zochepa. Amene mudakhalako pafupi ndi zipatala za mishoni kwathu mukudziwa dokotala wa mtundu umenewu. Kenako adaphunzira za mafupa, nkukakhalako chaka ku London pansi pa Sir Reginald Watson-Jones, katswiri wotchuka pa nkhani ya mafupa othyoka. Mu 1955 adayamba ntchito pa chipatala cha ana cha Hospital for Sick Children, chija tonse timangoti SickKids, pa University Avenue. Sadachokepo mpaka ukalamba.

Tsono kuti timvetse chimene bamboyu adachita, tiyambe ndi chithunzi chenichenicho. Cheza cha X-ray, chomwe Wilhelm Röntgen adachitulukira ku Germany mu 1895, chimadutsa mosavuta m'minofu koma chimatsekeka chikafika pa fupa lokhwima, nchifukwa chake fupa limaoneka loyera. Koma fupa la mwana silidakhwime lonse. Kumapeto kwa mafupa ataliatali a mikono ndi miyendo kuli kagawo kanthete, kofanana ndi kaja timakonda kutafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku. Pamenepo ndi pomwe fupa limatalikira, mpaka kagawoko katatsekeka mwana akatha msinkhu, atsikana msanga pang'ono kuposa anyamata. Cheza chimangodutsa pa kagawo kameneka, ndiye pachithunzi pamaoneka mzere wakuda, uja udandiopseza ine. Vuto lake ndi ili: malo ofunika kwambiri pa fupa la mwana ndi omwewo amene X-ray siwaonetsa bwino. Komanso ndi malo ofooka, kuposa mitsempha yomanga mfundo. Kugwa kumene munthu wamkulu angangobinya nako, mwana kumatha kumuthyola pa malo okulirawa.

Madokotala ankadziwa kale kuti ana ena othyoka pamalo amenewa amachira bwinobwino pomwe ena mkono kapena mwendo umadzakhota, kapena kufupika, patapita miyezi. Mu 1963 a Salter ndi mnzawo W. Robert Harris, wa pa Toronto General Hospital pafupi pomwepo, adasindikiza nkhani m'magazini ya Journal of Bone and Joint Surgery momwe adagawa kuvulala kumeneku m'mitundu isanu, potsatira njira yomwe mng'alu wadutsa. Adali asadayambe ndiwo kuyesa kugawa motere, koma yawoyi ndi imene idakhazikika, mwina chifukwa ndi yosavuta kukumbukira pakati pa usiku odwala ali mbwee panja.

Mtundu woyamba, mng'alu umangodutsa m'kagawo kanthete kokhako, ndipo chithunzi chimatha kuoneka ngati palibe chalakwika. Apa dokotala amadalira chala chake: akadina pamalopo mwana nkulira, amamanga ndithu ngakhale X-ray ili phee. Wachiwiri, womwe udagwera mwana wanga, mng'alu umayenda m'kagawoko kenako nkukhotera ku thunthu la fupa, nkubenthula kachidutswa. Umenewu ndiwo wofala, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse, ndipo kawirikawiri umapola popanda vuto. Koma wachitatu ndi wachinayi mng'alu umalowa mpaka mkati mwa mfundo, ndipo zidutswa zikapanda kubwezeretsedwa pamalo pake ndendende, nthawi zambiri ndi opaleshoni, fupa latsopano limatha kumera modutsa kagawo kaja nkukamanga mbali imodzi. Mbali inayo imapitiriza kukula, ndiye chiwalo chimayamba kukhota pang'onopang'ono. Wachisanu ngosowa koma ngoipa: kagawoko kamaphwanyika chifukwa chopanikizika, tsiku loyamba chithunzi sichinena kanthu, zimadzadziwika fupa litasiya kukula.

Nditawerenga zimenezi usiku uja ndidakumbukira msuweni wanga. Tili anyamata adagwa mumtengo wa mango nkuvulala pa kakolo. Adamuthowa, adamutema mphini, patatha masabata angapo adayambanso kuthamanga nafe, tonse tidaiwala. Chaka chotsatira phazi lidayamba kupendekera mkati. Pofika sitandade 8 nkuti akutsimphina, ndipo pamudzi nkhani idali yoti adaponda mankhwala. Gogo wina wamasiye adanenedwa kwambiri chifukwa cha mwendo umenewo, mpaka ana tidaletsedwa kudutsa pakhomo pake. Palibe amene adaganiza za mango aja. Inenso, ndi sukulu yanga yonseyi, ndidadzalumikiza ziwirizi nditakhala pa tebulo ku Scarborough, gogoyo atagona kumanda kalekale.

Ndicho chifukwa chake ndimaona kuti mitundu isanu ija ndi ntchito yaikulu kuposa momwe imaonekera. Idapatsa dokotala njira yoyang'ana chithunzi cha lero nkuuza makolo zomwe zingachitike chaka chamawa. Ndipo siifuna makina odula. X-ray wamba, wojambulidwa mbali ziwiri, kutsogolo ndi chammbali, amakwanira nthawi zambiri. Kwathu mafupa ambiri othyoka amasamalidwa ndi ma clinical officer a za mafupa, amene maphunziro awo adayambitsidwa ku Blantyre mu 1985 ndi dokotala winanso wa ku Canada, Ed Blair. Mawu akuti Salter-Harris amene amalembedwa ku Scarborough ndi omwewo amalembedwa pa chipatala cha boma lililonse komwe makina ojambulira akugwira ntchito ndipo magetsi alipo.

A Salter adatchukanso ndi nkhani ya chiuno cha makanda. Ana ena amabadwa kapena kukula ndi kabowo kosaya ka m'chiuno, kotero mutu wa fupa la ntchafu sukhazikikamo, umaguluka. Mwana akakulirapo, X-ray imaonetsa denga la kabowoko litapendekeka. Mu 1957 adayamba kuchita opaleshoni yodula fupa la chiuno pamwamba pa kabowoko nkulitembenuza kuti liphimbe mutu wa fupa, ndipo adaifalitsa mu 1961. Mpaka lero imatchedwa ndi dzina lawo. Koma chimene chidandisangalatsa ine nchakuti poyesa pa tiana ta nkhumba adaonetsa kuti kumanga khanda miyendo itawongoka nkuphatikizana kumaononga chiuno, pomwe miyendo yotangadza imachithandiza kukula bwino. Amayi athu, osawerenga magazini ya madokotala, akhala akubereka ana kumbuyo ndi chitenje miyendo ili uku ndi uku. Madokotala a pa Beit CURE ku Blantyre adafalitsa kafukufuku mu 2015 woonetsa kuti vutoli ndi losowa kwambiri pakati pa ana zikwizikwi omwe adawaona, ndipo adaganizira kuberekaku. Ndiye alongo anga a ku Brampton ndi Mississauga amene mumachita manyazi ndi chitenje pa basi, kaya.

Sizonse zimene adayambitsa zidapirira mofanana, ndipo ndisakubiseni. Kuyambira cha mu 1970 adalimbana ndi chikhulupiriro chakale choti mfundo yovulala iyenera kungomangidwa osagwedezeka. Adayesa pa akalulu, nkupeza kuti mfundo yomwe ikuyendetsedwa pang'onopang'ono usana ndi usiku imapola bwino kuposa yomangidwa. Mu 1978, mothandizana ndi injiniya John Saringer, adapanga makina opinda ndi kuwongola chiwalo cha wodwala ali chigonere, ndipo makinawo adafalikira m'zipatala za maiko ambiri. Koma kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti kwa anthu oikidwa bondo lochita kupanga phindu la makinawa ndi lochepa zedi, ndipo zipatala zambiri zidawaika pambali. Ganizo loti wodwala asagonekedwe nthawi yaitali, ayambe kuyendetsa chiwalo msanga, limenelo lidatsala.

Adalembanso buku lophunzitsira za matenda ndi kuvulala kwa mafupa lomwe lidatuluka koyamba mu 1970 ndipo lidamasuliridwa m'zilankhulo zingapo. Adakhalapo mkulu wa madokotala onse a opaleshoni pa SickKids. Mu 1995 adalowetsedwa mu Canadian Medical Hall of Fame, ndipo boma lidawapatsa ulemu wa Order of Canada. Adamwalira pa 10 May 2010 ali ndi zaka 85.

Ambiri a ife kuno timalandira mauthenga a pa WhatsApp oti mwana wa achimwene wagwa pa njinga, tithandizeni. Kale ndinkatumiza ya panado nkuiwala. Masiku ano ndimafunsa kaye kuti wavulala pati. Akati pafupi ndi dzanja, chigongono, bondo kapena kakolo, ndipo patupa, ndimatumiza ya thiransipoti yopita kuchipatala komwe kuli X-ray, sabata yomweyo, chifukwa pakadutsa masiku ngati khumi kukoka fupa la mwana kuti libwerere pamalo kumatha kuononga kagawo kaja kuposa kulisiya. Ndimawauzanso kuti chikhakha chikachoka asataye buku la kuchipatala, ndipo akaona chiwalo chikuyamba kukhota, ngakhale patapita chaka, abwerere.

Mwana wanga adavula chikhakha patatha masabata anayi. Adapempha kuti apite nacho kunyumba chifukwa anzake a m'kalasi adali atalembapo maina awo, ndipo chili pamwamba pa wodilopu, chikununkha. Adokotala adati tidzabwerenso akamujambule kuti aone ngati mzere wakuda uja udakali wotseguka mbali zonse. Tsikulo mayi ake adalilemba pa kalendala ya kukhitchini. Msuweni wanga ndidamuimbira Lamlungu lapitali, ndidamufotokozera zonsezi kuyambira pa mango. Adakhala chete kanthawi, kenako adandifunsa ngati ndikukumbukira dzina la gogo uja.