Asa Candler: mkulu amene anaphunzitsa dziko kumwa Coca-Cola

Loweruka lapitali ndinaperekeza amayi kumsika kukagulitsa thobwa. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mnyamata wina anafika, kufunsa mtengo wa thobwa, kenako n'kudutsa ulendo wa pagolosale kukagula Coca-Cola wodula kangapo kuposa thobwa lathu. Amayi anangoseka, koma ine zinandiwawa. Thobwa la amayi ndi lokoma, limakhutitsanso. Ndiye chinamukoka n'chiyani mnyamata uja? Funso limeneli ndi lomwe linandifikitsa pa mbiri ya munthu wina wa ku America, dzina lake Asa Candler, amene anamwalira kalekale agogo athu ambiri asanabadwe.

Candler anabadwa pa 30 Disembala 1851 kufupi ndi tawuni ya Villa Rica m'chigawo cha Georgia. M'banja mwawo anabadwa ana 11, iye anali wa nambala 8. Ali mwana kunabuka nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, yomwe inasaukitsa dera lakwawo ndi kusokoneza sukulu. Ankafuna kudzakhala dokotala, koma anathera pophunzira ntchito yogulitsa mankhwala. Mu 1873 anapita mumzinda wa Atlanta kukasaka ntchito, m'thumba muli ndalama zosakwana madola awiri. Analembedwa musitolo ya mankhwala ya George Howard, ndipo mu 1878 anakwatira Lucy, mwana wa bwana wakeyo. Patapita zaka anali ndi bizinesi yakeyake ya mankhwala.

Apa mvetsetsani bwino: Coca-Cola sanamuyambitse ndi Candler ayi. Anamuyambitsa ndi John Pemberton mu 1886, ku Atlanta komweko, ngati chakumwa chothandiza mutu ndi kutopa. Dzina lija komanso zilembo zopindikapindika zimene timaziona pabotolo anazipanga ndi Frank Robinson, yemwe ankasunga mabuku a ndalama a Pemberton. Nthawi imeneyo kunalibe za mabotolo. Ankapanga manyuchi, n'kumawasakaniza ndi madzi a soda pakauntala ya sitolo ya mankhwala, tambula imodzi masenti 5. Chaka choyamba ankagulitsa matambula pafupifupi 9 patsiku. Naini basi! Amayi amaposa pamenepo nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Pemberton anamwalira mu 1888 ali wosauka. Candler anayamba kugula bizinesiyo pang'onopang'ono kwa anthu omwe anali ndi magawo ake, ndipo pofika 1891 yonse inali m'manja mwake pamtengo wa madola pafupifupi 2,300. Mu 1892 analembetsa kampani ya Coca-Cola.

Luso la mkuluyu linali pa kutsatsa malonda. Choyamba, anadziwa kuti munthu sagula chinthu chimene sanalawepo. Ndiye ankagawa timatikiti toti munthu akamwere tambula imodzi ulere. Timatikitito ankatitumiza papositi komanso kugawa m'misewu, ndipo mwini sitolo sankaluza kanthu chifukwa kampani inkamupatsa manyuchi. Wolawa ulere lero, mawa ankabwera ndi masenti ake 5.

Chachiwiri, anaonetsetsa kuti dzinalo lisachoke m'maso mwa anthu. Eni masitolo ankapatsidwa mawotchi apakhoma, makalendala ndi masikelo olembedwa Coca-Cola. Ukafuna kudziwa nthawi, uwerenga Coca-Cola. Ukafuna deti, Coca-Cola. Makoma a nyumba ankapentedwanso dzina lomwelo. Kodi si zomwezi timaziona pamagolosale athu opentedwa zofiira aja?

Chachitatu, anasiya kuchitchula kwambiri ngati mankhwala. Mankhwala amamwa ndi odwala okha, pomwe ludzu limagwira aliyense, tsiku lililonse. Atayamba kuchitsatsa ngati chakumwa chokoma chothetsa ludzu, makasitomala anachuluka. Pofika 1895 Coca-Cola ankamwedwa m'zigawo zonse za America, ndipo mafakitale a manyuchi anatsegulidwa ku Chicago, Dallas ndi Los Angeles.

Koma wochenjera nayenso amaphonya. Candler sankakhulupirira za mabotolo. Mu 1899 maloya awiri a ku Chattanooga, Benjamin Thomas ndi Joseph Whitehead, anamupempha chilolezo choti aziika chakumwachi m'mabotolo. Iye anawapatsa ufulu wochita zimenezi pafupifupi m'dziko lonse la America pamtengo wa dola imodzi yokha, bola manyuchi azigula kwa iye. Ankaona ngati sizipita patali. Kumeneko kunali kulakwitsa, chifukwa botolo ndi lomwe linachotsa Coca-Cola pakauntala ya m'tawuni n'kumufikitsa kumudzi, kumunda ndi kubwalo la mpira. Chodabwitsa n'chakuti mgwirizano umenewu ndi womwe unabala njira imene kampaniyi ikugwiritsabe ntchito mpaka pano. Kampani yaikulu ku Atlanta imasunga dzina ndi chinsinsi cha kapangidwe, pomwe makampani a m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo kuno kwathu, amathira madzi, shuga ndi mpweya, kuika m'mabotolo ndi kunyamula makireti pamalole. Ntchito yolemetsa amagwira ena, dzina n'kumakulirakulira. Anthu atayamba kubera ndi mayina ofanana, mu 1915 kunapangidwa botolo lokhala ndi chiuno lija, loti ungalizindikire ngakhale pongoligwira mumdima.

Musaganize kuti zonse zinali zoyera. Poyamba chakumwachi chinali ndi kachigawo kakang'ono ka cocaine kochokera ku masamba a coca, ndipo kanachotsedwa cha m'ma 1903. Mu 1911 boma la America linatengera kampaniyi kukhoti pa nkhani ya caffeine, ponena kuti ndi yoopsa makamaka kwa ana. Mlandu unatenga zaka, mapeto ake kampani inavomera kuchepetsa caffeine.

Atalemera, Candler anapereka madola 1 miliyoni ku sukulu ya ukachenjede ya Emory mu 1914. Anali Mkhristu wolimbikira wa mpingo wa Methodist, ndipo mng'ono wake Warren anali bishopu. Mu 1916 anasankhidwa kukhala meya wa Atlanta, ndiye masheya ake ambiri anawagawira ana ake. Chaka cha 1919 chinali chowawa kwa iye. Mkazi wake anamwalira, ndipo ana aja anagulitsa kampani kwa gulu la anthu a ndalama lotsogozedwa ndi Ernest Woodruff pamtengo wa madola 25 miliyoni. Chinthu chomwe anagula ndi madola 2,300 n'kuchilera zaka pafupifupi 30 chinachoka m'banja chonchi. Mu 1926 anadwala sitiroko, ndipo anamwalira pa 12 Malichi 1929.

Ndiye ine ndatolapo chiyani? Zinthu ziwiri. Choyamba n'chokhudza thobwa la amayi. Candler sanapambane chifukwa chakumwa chake chinali choposa zonse. Anapambana chifukwa anthu analawa, anachidziwa dzina, ankachipeza paliponse, ndipo chinkakoma chimodzimodzi tsiku lililonse. Ndawauza amayi kuti tiyese zathu: kachikwangwani kolembedwa bwino, kakapu kolawitsa, mabotolo otsuka bwino, ndi malo amodzi osasinthasintha. Poyamba anati zimenezo ndi za kusukulu, koma kachikwangwani avomera, ndipo ndikalemba ndekha.

Chachiwiri n'chokhudza ifeyo. Botolo la mamililita 300 la Coca-Cola limakhala ndi shuga pafupifupi masipuni ang'onoang'ono 8. Mu tiyi ndani angathire shuga wotere amayi ake akuona? Sindikuti musamwe ayi, nanenso pa Khirisimasi ndimamwa. Koma tsiku lina mukapatsidwa ya mandasi n'kupezeka miyendo ikulowera kugolosale yofiira ija, taimani kaye mudzifunse ngati lili ludzu lenileni kapena ndi nzeru za mkulu uja wa ku Atlanta zikugwirabe ntchito m'mutu mwanu.

Amene akufuna kulawa thobwa, mutipeza kumsika Loweruka. Kolawa n'kaulere, koma kamodzi kokha.

Wanu wa Fomu 3