Henry Sturmey, Mphunzitsi Amene Anasonkhanitsa Maiko pa Mpikisano wa Njinga

Anzanga ophunzira, palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife kuno ku Mulanje amene sadziwa njinga yakapalasa. Ndiyo inyamula nanazi ndi nthochi kupita nazo ku Chitakale, ndiyo itenga matumba a chimanga ku Limbuli ndi ku Muloza, ndipo ambiri a ife tifika pa sukulu titakwera kabaza. Koma mukadzaona njinga zakale zija za magiya atatu, zimene agogo athu ankasunga ngati chuma, mudzayang'ane pa habu ya wilo lakumbuyo. Pamenepo mudzapeza dzina lakuti Sturmey-Archer litalembedwa pachitsulo. Mbali yoyamba ya dzinalo ndi ya munthu amene ndifuna kukufotokozerani mbiri yake. Iwo anali mphunzitsi, pambuyo pake mkonzi wa nyuzipepala, ndipo ndiwo anayambitsa bungwe loyamba loyang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse lapansi.

Bambo Henry Sturmey anabadwa m'chaka cha 1857 m'mudzi wa Norton-sub-Hamdon, m'chigawo cha Somerset ku England. Masiku amenewo njinga inali chinthu chachilendo ngakhale kwa Azungu eni ake. Njinga zimene anyamata ankakwera m'zaka za m'ma 1870 zinali ndi wilo lalitali kutsogolo, lofika pachifuwa pa munthu, ndi kawilo kakang'ono kumbuyo. Zinalibe tcheni, pakuti mapedulo anali olumikizidwa ku wilo lakutsogololo, ndipo wokwerapo akagunda mwala ankagwa chamutu. Ngakhale zinali choncho, mnyamata Henry anazikonda kwambiri.

Atatsiriza maphunziro awo, Bambo Sturmey anayamba ntchito ya uphunzitsi, koma mtima wawo unali pa njinga. Analemba buku lotchedwa The Indispensable Bicyclist's Handbook, lofotokoza mitundu ya njinga zimene zinali kugulitsidwa nthawi imeneyo ndi mapangidwe ake. Bukuli linawatchukitsa, kotero kuti m'chaka cha 1879 anakhala mkonzi wa nyuzipepala yatsopano ya okwera njinga yotchedwa The Cyclist, imene Bambo William Iliffe ankasindikiza mu mzinda wa Coventry. Mzinda umenewu unali ndi mafakitale ambiri a njinga. Mommo, m'chaka cha 1885, Bambo John Kemp Starley anapanga njinga ya tcheni yofanana ndi zathu za lerozi, ndipo m'chaka cha 1888 Bambo John Dunlop a ku Belfast anapanga matayala opopa mpweya. Njinga inayamba kuthamanga kuposa kale, ndipo makamu a anthu ankalipira ndalama kuti akaonerere mipikisano.

Tsono apa ndi pamene panabuka vuto. Dziko lililonse linali ndi bungwe lake ndi malamulo ake, ndipo lililonse linkati katswiri wake ndiye wopambana onse. Chimene chinavuta koposa chinali nkhani ya ndalama. Bungwe la ku England, lotchedwa National Cyclists' Union, linkagawa ochita mpikisano m'magulu awiri: amene achita masewera chifukwa chongowakonda, osalandira kanthu, ndi amene awachita ngati ntchito yodyerapo. Munthu wa gulu loyamba akapambana ankalandira chikho kapena mendulo, ndipo sankaloledwa kulandira ndalama kapena kupikisana ndi wa gulu lachiwiri. Lamulo limeneli linkakomera ana a anthu olemera, amene anali ndi nthawi ndi chuma chochitira masewera, koma linkapweteka mwana wa m'mphawi amene akasiya ntchito tsiku limodzi agona ndi njala. Ku France malamulo anali ofewerapo pa nkhani ya mphotho ya ndalama. Chotero munthu yemweyo ankatha kuloledwa kupikisana m'dziko lina ndi kukanizidwa m'dziko linzake.

Bambo Sturmey anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Anadziwa kuti sipangakhale katswiri wa dziko lonse ngati maiko sanayambe agwirizana pa lamulo limodzi. Chifukwa cha khama lawo, m'mwezi wa November 1892 nthumwi za maiko angapo zinakumana ku London ndi kukhazikitsa bungwe lotchedwa International Cycling Association. Ntchito zake zinali ziwiri: kugwirizanitsa malamulo onena za amene achita masewera osalandira ndalama, ndi kukonza mpikisano wa akatswiri a dziko lonse chaka ndi chaka. Tiyenera kukumbukira kuti masiku amenewo kunalibe ndege kapena wailesi. Kalata yochokera ku England kupita ku America inkayenda pa sitima ya pamadzi, ndipo nkhani imene ife tikanaithetsa tsiku limodzi inkatenga milungu ingapo.

Mpikisano woyamba unachitikira ku Chicago, ku America, m'chaka cha 1893. Arthur Zimmerman wa ku America komweko anapambana mitunda iwiri yaifupi. Koma chimene chiyenera kutikondweretsa ife a mu Africa ndi chakuti pa mtunda wa makilomita 100, woposa wochokera pa boma la Mulanje kufika ku Blantyre, anapambana Laurens Meintjes wa ku South Africa. M'zaka zotsatira mpikisanowu unachitikira ku Antwerp, ku Cologne, ku Copenhagen, ku Glasgow, ku Vienna ndi ku Montreal. Kuyambira m'chaka cha 1895 ochita masewera ngati ntchito anapatsidwa mpikisano wawo, ndipo ku Montreal m'chaka cha 1899 Major Taylor, munthu wakuda wa ku America amene ankasalidwa kwawo chifukwa cha khungu lake, anakhala katswiri wa dziko lonse pa liwiro la mtunda waufupi.

Komabe bungweli silinakhalitse. Maiko ena anayamba kudandaula kuti Angerezi ali ndi mphamvu yopitirira muyeso. Dziko la France kapena la Italy linkawerengedwa ngati dziko limodzi, pamene a ku Britain ankafuna kuti England, Scotland ndi Ireland aziwerengedwa padera, aliyense ndi timu yake ndi mawu ake pa msonkhano. Taganizani, anzanga, ngati pa msonkhano wa masewera a sukulu za m'boma lathu lino sukulu imodzi ikanabwera ndi mavoti atatu pamene zina zonse zili ndi voti imodzi. Kodi sukulu zinazo zikanakhala chete mpaka liti? Pa 14 April 1900 nthumwi za Belgium, France, Italy, Switzerland ndi America zinakumana ku Paris ndi kukhazikitsa bungwe lina, lotchedwa Union Cycliste Internationale, kapena mwachidule UCI. Pulezidenti wake woyamba anali Bambo Emile De Beukelaer a ku Belgium, amene anakhala pa mpandowo kufikira chaka cha 1922. Bungwe la Bambo Sturmey linafota, ndipo Angerezi anakhala kunja kufikira chaka cha 1903, pamene analowa m'bungwe latsopanolo motsata malamulo a anzawo.

Pa nthawi imeneyo Bambo Sturmey anali atayamba kale kuchita chidwi ndi galimoto. M'chaka cha 1895 anakhala mkonzi woyamba wa magazini ya The Autocar, ndipo m'chaka cha 1897 anayendetsa galimoto ya Daimler kuchokera ku John o' Groats, kumpoto kwenikweni kwa Scotland, kukafika ku Land's End, kummwera kwa England, ulendo wa mamailosi oposa 900.

Nanga dzina lawo linafika bwanji pa habu ya njinga za agogo athu? Bambo Sturmey anali ataganiza njira yawo yoikira magiya atatu m'kati mwa habu. Pa nthawi yomweyo mmisiri wina wotchedwa William Reilly anapanganso habu yotero, koma inalembetsedwa m'dzina la mnzake, James Archer. Mwini kampani ya njinga za Raleigh ku Nottingham, Bambo Frank Bowden, anatenga zonse ziwiri, ndipo m'chaka cha 1902 anayamba kugulitsa mahabu m'dzina la Sturmey-Archer. Koma habu imene inapangidwa m'fakitale inali ya Reilly, pamene dzina la Sturmey linathandiza malonda chifukwa linali lodziwika kwa okwera njinga onse. M'kati mwa habuyo muli timawilo ta mano tozungulira linzake lapakati, ndipo wokwera akakoka kawaya kochokera pa handulo asankha giya yopepuka yokwerera chitunda, yapakati, kapena yolemera yothamangira pa msewu wosalala. Aliyense amene anakwerapo chitunda atanyamula katundu adziwa ubwino wa giya yopepukayo.

Bambo Sturmey anamwalira ku Coventry m'chaka cha 1930, ali ndi zaka 72. Mbiri yawo ndi yodabwitsa, pakuti dzina lawo linayenda dziko lonse pa chitsulo chimene anapanga munthu wina, pamene ntchito yawo yeniyeni, yosonkhanitsa maiko, inapitirira m'manja mwa anthu amene anawapandukira. Ngakhale kugawa ochita masewera m'magulu awiri kuja kunatha, ndipo kuyambira m'chaka cha 1996 okwera njinga olandira malipiro aloledwa pa masewera a Olympic. Koma mpikisano umene unayamba ku Chicago sunafe. Bungwe la UCI, limene likulu lake lili ku Aigle m'dziko la Switzerland, liupitiriza, ndipo m'mwezi wa September 2025 mpikisano wake wa pa msewu unachitikira ku Kigali, ku Rwanda, kwa nthawi yoyamba mu Africa.

Ife amene tisankhidwa kukhala m'makomiti a masewera pa sukulu pano tiphunzirepo kanthu. Amene alemba makalata, kuitanitsa misonkhano ndi kusunga malamulo saomberedwa m'manja ngati wopambana liwiro, koma popanda iye palibe mpikisano. Ndiponso tikumbukire kuti bungwe lingakhale linayamba bwino chotani, anthu adzalithawa akaona kuti mawu a ena alemera kuposa awo.