Samuel Coleridge-Taylor: Ndakatulo Inasanduka Nyimbo

Samuel Coleridge-Taylor anabadwira ku London m'chaka cha 1875. Mayi ake anali Mngelezi. Bambo ake anali dokotala wa ku Sierra Leone, kuno ku Afirika, koma anabwerera kwawo mwanayo asanabadwe.

Samuel anaphunzira kuliza vayolini ali wamng'ono. Atakwanitsa zaka 15, analowa sukulu yaikulu ya nyimbo ya Royal College of Music.

Iye anawerenga ndakatulo yaitali ya Longfellow, mlembi wa ku America, yosimba za munthu wotchedwa Hiawatha. Mawuwo anawapekera nyimbo ya kwaya yaikulu ndi zoimbira zambiri. Inaimbidwa koyamba mu 1898, ndipo anthu anaikonda zedi.

Koma chomvetsa chisoni n'chakuti nyimboyo anaigulitsiratu kwa osindikiza pa mtengo wochepa, ngati mlimi wa ku Mualadzi wogulitsa chimanga chikadali m'munda. Osindikizawo anagulitsa makope ambirimbiri, mwini wake osalandiranso kanthu. Ankangogwira ntchito osapuma kuti adyetse mkazi ndi ana awiri.

Anamwalira ndi chibayo mu 1912, ali ndi zaka 37 zokha. Nyimbo yake ija ikuimbidwabe mpaka lero.