MAI TREWAVAS NDI NSOMBA ZA M'NYANJA YA MALAWI

Ana ambiri a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi sanaionepo Nyanja ya Malawi, koma maina a usipa ndi cambo amawadziwa. M'nyanja imeneyo, imene kale inkalembedwa Nyasa, muli mitundu ya nsomba yocuruka koposa m'nyanja ina iri yonse ya madzi opanda mcere. Munthu amene anagwira nchito yaikuru yoisiyanitsa mitunduyo anali mkazi wa ku Mangalande, dzina lace Ethelwynn Trewavas.

Iye anabadwa m'caka ca 1900 ku Penzance, mudzi wa padoko. Atatsiriza maphunziro ace ku Reading mu 1921, anayamba wakhala mphunzitsi. Mu 1928 Charles Tate Regan, mkuru wa nyumba yosungiramo zolengedwa ya British Museum ku London, anamtenga kuti azimthandiza.

M'nyumba imeneyo munali nsomba zambirimbiri zakufa, zosungidwa m'mabotolo a mankhwala kuti zisaole. Zina mwa izo anazitenga ku Nyasa mu 1925 ndi 1926 ndi Dr. Cuthbert Christy, amene pambuyo pace anaphedwa ndi njati ku Congo. Nsombazo zinali zitasuluka maonekedwe ace, ndipo munthu wongoyang'ana akadati zonse ndi mtundu umodzi. Koma Mai Trewavas ankatenga imodzi imodzi, nawerenga mamba ace ndi minga ya pa cipsepse ca kumsana, nayesa utali wa mutu ndi wa cibwano. Atatero ankayang'ana mano ndi galasi lokuza zinthu, ngakhale timano ta kukhosi, pakuti nsomba za banja la cambo ziri ndi mano enanso kukhosi. Mano ndiwo amaulula cakudya ca nsomba. Yodya nkhono iri ndi mano obuntha ophwanyira, yopala ndere pa miyala iri ndi timano tondondozana, ndipo anapezanso ina imene imakhalira kubudula mamba a zinzace. Inali nchito yotopetsa maso, yosafuna munthu wa phuma. Mu 1935 anasindikiza ndandanda ya mitundu yoposa 170 ya banja limeneli, nyanjayo asanaione ndi maso ace.

Anaiona mu 1939. Boma linafuna kudziwa ngati nsomba za m'nyanja zingathe kudyetsa bwino anthu a m'Nyasaland osatha, ndipo linatuma Mai Trewavas pamodzi ndi Kate Ricardo ndi H. J. H. Borley. Kumeneko anapeza kuti asodzi anali odziwa kale kusiyanitsa cambo amene akatswiri a ku Ulaya ankamuyesa mtundu umodzi. Polemba mitundu yatsopano ya cambo mu 1941, wina anampatsa dzina la mudzi wa Karonga, ndipo wina anamsiyira dzina lomwe la asodzi, lidole. Kudziwa mitundu sikunali kwa masewera ai. Cambo wamkazi amasunga mazira ndi ana ace m'kamwa, kotero kuti khoka likamgwira pa nyengo yoswana, ana onsewo afa naye limodzi. Wofuna kuika lamulo la nyengo yoleka kusodza ayenera kuyamba wadziwa kuti mtundu uti umaswana liti ndi kuti.

Koma panali cinthu cimene botolo silikanatha kumuonetsa. Mu 1943 Afalansa awiri, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, anakonza cipangizo cimene munthu amapumira mpweya wa m'botolo lacitsulo lobereka kumsana, nakhala nthawi yaitali pansi pa madzi. Anthu atayamba kumira m'Nyanja ya Malawi, anaona pakati pa miyala tinsomba tobiriwira, tacikasu ndi tamizeremizere, timene Atonga a ku Nkhata Bay amati mbuna. Ku Ulaya ndi ku Amereka kuli anthu oweta nsomba m'nyumba, m'mabokosi agalasi, osati kuti adye koma kuti azingoonerera. Nsomba zowala kwambiri zimene iwo ankazidziwa zinali za m'nyanja ya mcere, ndipo n'zobvuta kusunga cifukwa madzi ace ayenera kukhala ndi mcere wa muyeso. Mbuna zinawala cimodzimodzi, koma za madzi wamba. Tsono kuyambira m'zaka za m'ma 1960 zinayamba kugulitsidwa kunja, ndipo pambuyo pace Stuart Grant anakhazikitsa nchitoyi pafupi ndi Senga Bay ku Salima.

Anyamata a m'mbali mwa nyanja anaphunzira kumira. Amachinga kaukonde pakati pa miyala, napirikitsiramo nsomba imene aifuna. Ya pansi kwambiri saikweza msanga, pakuti kathumba ka mpweya ka m'mimba mwace kangatupe ndi kuipha. Amaiika m'mgolo naukweza pang'ono pang'ono kwa masiku angapo. Pomariza nsombazo zimakwera ndege m'matumba a madzi ndi mpweya, ndipo pa kalata wa malonda pamalembedwa maina a Cilatini, ambiri a iwo opatsidwa ndi Mai Trewavas. Mbuna ina ya mlomo wopindikira pansi, imene Geoffrey Fryer anailemba mu 1956, iri ndi dzina la iye mwini, Labeotropheus trewavasae.

Anapuma nchito mu 1961, koma mabotolo sanawasiye. Mu 1983 anatulutsa buku lalikuru la nsomba zonse za mtundu wa cambo, ndipo mu 1989, ali pafupi ndi zaka 90, anatulutsa lina pamodzi ndi David Eccles. Maso atayamba kucita cidima, anapereka galasi lace lija kwa Ad Konings, katswiri wacinyamata womira m'nyanjamo. Anamwalira mu 1993. Lero akatswiri amati mitundu ya banja la cambo m'nyanjayo iposa 700, yambiri yosalembedwabe maina, koma lidole uja wasowa kotero kuti ena aopa kuti anatheratu.