A John Chilembwe ndi zithunzi zawo

Nkhope ya Abusa John Chilembwe ili pa K500 ndi pa K2000, ndalama zomwe zimazungulira pamsika wa Kamwendo tsiku ndi tsiku. Koma anzanga, munayamba mwadzifunsapo kuti nkhope imeneyi inajambulidwa bwanji kalelo kulibe mafoni?

A Chilembwe anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 anayamba ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, ndipo mu 1897 a Booth anawatenga ulendo wa ku America. Kumeneko anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, kwawo komweko. Thandizo la ndalama linkachokera kwa Akhristu akuda a National Baptist Convention ku America. Nanga anthu okhala kutsidya kwa nyanja akanadziwa bwanji kuti ndalama zawo zikugwira ntchito? Makalata ankapita inde, komanso zithunzi.

Amene anajambula zina mwa zithunzi zawo ndi a Mungo Murray Chisuse, omwe ankasindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre. Iwowa anafikako ku Scotland ndipo anali m'gulu la anthu akuda oyamba kugwira kamera m'dziko muno. Makamera ambiri a nthawi imeneyo anali bokosi loima pa miyendo itatu, wojambula n'kudzifunditsa nsalu yakuda kumutu. Ku Mbombwe kunalibe magetsi, nyali yake inali dzuwa basi. Zithunzinso zinalibe mitundu, kuyera ndi kuda kokha, choncho kuwala kukalakwika ndiye kuti zonse zalakwika.

Apa pali vuto lomwe ngakhale ife timalidziwa. Munthu wakhungu lakuda akavala malaya oyera n'kuima padzuwa lamasana, malaya amawala mbee, nkhope n'kuda bii, maso osaoneka. N'chimodzimodzi ife a Fomu 2 tikamajambulana pafoni pabwalo dzuwa lili paliwombo, kenako tizinena kuti foniyo ndi yachabe. Si foni ayi. Yesani m'mawa, kapena pamthunzi wa khonde kuwala kukuchokera mbali imodzi, muona mphuno ndi masaya zikutuluka bwinobwino.

Tsono yang'anitsitsani a Chilembwe. Avala jekete ndi kolala yoyera, sakumwetulira, maso ali tcheru. Pa chithunzi cha banja, mayi Ida nawo avala mwaulemu wake. Ena amati anthu akale sankaseka chifukwa kamera inkachedwa ndipo ukagwedezeka chithunzi chinkaonongeka. Mwina n'zoona, koma ine ndikuona kuti panalinso dala. Masiku amenewo Azungu ambiri ankakonda kujambula makolo athu atasenza mtengatenga kapena atavala kansalu kokha. A Chilembwe ankafuna woona chithunzi chawo aone mphunzitsi ndi m'busa wosaopa munthu.

Chithunzi chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi cha mu 1914. A Chilembwe aima pafupi ndi mmishonale wachizungu John Chorley ku tchalitchi chawo chatsopano cha njerwa, chipewa chili kumutu. Kwa wojambula chipewa chimavutitsa chifukwa chimagwetsera mthunzi kumaso. Koma nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu, ndiye apa iwo osavula. Mwaonatu eti?

Zinthu zinali zitaipa kale. Anthu ankazunzika ndi thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, Amalawi anayamba kutengedwa kukafera nkhondo yosaidziwa. A Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula, osamveka. Pa 23 January 1915 anthu awo anaukira, n'kupha Azungu atatu kuphatikizapo William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa ku Magomero. Kuukirako sikunapite patali. Pa 3 February 1915 a Chilembwe anaomberedwa ndi apolisi ku Mulanje akulowera ku Mozambique, ndipo boma linaphwasula tchalitchi chija.

Chithunzi cha chipewa chija sichinatayike. Mu September 2022 Mmalawi Samson Kambalu anaimika chiboliboli chotengera chithunzicho pa Trafalgar Square ku London. Anawapanga a Chilembwe aakulu kwambiri kuposa a Chorley, chipewa chili chikhalire kumutu.